Kukatula zovala za Esnati ku Nsefu

Ndinanyamuka ku Chipata m'mawa wa Lachisanu, mu Okutobala, ndi sutukesi ya zovala za mkazi wanga Esnati, amene anamwalira pobereka chaka chathacho, pamodzi ndi mwana yemwe. Apongozi anali atatumiza mawu kuti nthawi yondisudzula yakwana: ndipite ku Nsefu, ndikatule zovalazo, aziwaze mankhwala ndi kuzigawa, kenako andimasule. Mankhwalawo asanawazidwe, palibe wololedwa kuvala ngakhale mpango wa womwalira.

Basi kunalibe. Ndinakwera kanta, kalole kokatenga thonje, ndinalipira K6,000, ndipo kondakitala anafuna ina ya sutukesi.

"Ikhala pamiyendo panga," ndinatero.

"Ndiye ndi mwana ameneyo, akwere ulele."

Anthu anaseka. Nanenso ndinasekako kuti asandifunse kanthu.

Msewuwo ndi wa miyala ndi fumbi lolowa mpaka m'mano. Pachipata choletsa akashembe, ntchentche zoluma zija, bambo wina wa yunifomu anazungulira galimoto ndi kaukonde, anakola mphepo kawiri, n'kutiuza kuti tapimidwa bwino, tizipita. Titangotsikira m'chigwa akashembe anatipeza okha. Mitengo ya tsanya inali itayoyola masamba onse, itangoti njo ngati yopserera, ndipo nyenje zinkalira mosapuma mpaka aliyense analeka kuyankhula. Ku Jumbe ndinagula zitumbuwa ziwiri ndi masau ouma. Sindinamalize.

Cha m'ma thu koloko ndinatsika pamphambano ya ku Nsefu. Pansi pa mtengo panali mtsikana ndi njinga, atandifulatira. Khosi linali la Esnati. Atatembenuka ndi pamene ndinazindikira Jesina, mng'ono wake, amene anamutuma kudzandichingamira. Ndinamusiya ali kamwana. Tsopano anali giredi naini.

"Mwaswera bwanji, alamu? Mwaonda. Ku Chipata kulibe azimayi ophika?"

Tinamanga sutukesi pakaliya n'kumakankha njinga mumchenga, tikulambalala ndowe za njovu. Pamene njira inagawikana, iye anaima.

"Alamu, tidzere kuchipatala."

"Wadwala?"

"Ayi. Ndikufuna jekeseni wolera."

Ndinayang'ana uku ndi uku, ngakhale kunalibe munthu.

"Ndinapitako," anapitiriza. "Akuti wa zaka sikisitini ngati ine abwere ndi amayi ake kapena mwamuna wake. Amayi nditawauza, anandigenda ndi lichero, amvekere mankhwalawo amaumitsa mimba, komanso ndi a mahule. Atate sindingayambe n'komwe."

"Mnyamatayo ndani?"

"Amagwira ku loji ya alendo, ku Kakumbi."

"Musiye. Umalize sukulu."

"Ndiwo mawu amene munakaphunzira ku koleji? Ana amene mumaphunzitsa amamva? Anzanga anauzidwa zomwezo, pano akuyamwitsa." Anakanda mchenga ndi chala cha kuphazi. "Asisi anafera m'chipatala chachikulu, madokotala ali pomwepo. Ine kuno ndidzafera pangolo, ng'ombe zisanafike pamsewu."

Anagwira sutukesi ija, n'kupitiriza.

"Kuchipatalako kwabwera asisita atsopano, anamwino, sandidziwa. Lero mukadali mwamuna wa pakhomo pathu, mawa mudzakhala mlendo. Mungoima n'kunena kuti mwavomera. Koma ndi siketi ya sukuluyi sangakhulupirire. Ndibwerekeni diresi la asisi."

"Zovalazi sanaziwaze."

"Asisi sanandimanepo chovala ali moyo."

Ndinamasula chingwe. Sutukesiyo ndinali ndisanaitsegule chitsekereni, ndipo fungo la sopo wake linali likadalimo. Jesina anasankha diresi lobiriwira la kutchalitchi ndi mpango wake, n'kupita kuseri kwa chulu. Nyenje zinaleka kulira. Ndikudziwa kuti zimatero munthu akadutsa pafupi. Atatulukira, ine ndinayang'anitsitsa tayala la njinga, ndipo njira yonse ndinayenda patsogolo. Kumbuyo kwanga ndinkangomva nsalu ikukhula miyendo, monga ndinkamvera Lamulungu lililonse.

Chipatalacho ndi kanyumba ka zipinda ziwiri, kamalata. Pakhonde panali azimayi angapo ndi ana. Mmodzi anayang'ana diresilo, anayang'ana ine, kenako ananyamula mwana wake n'kukakhala padzuwa.

Asisita, mayi wonenepa wansangala, anatifunsa tili pakhomo.

"Dzina, amayi?"

"Esnati Sakala."

Zimenezo sitinapangane.

"Inu ndinu bambo Sakala? Mukuvomera kuti akazi anu alere?"

"Ndikuvomera."

"Tamvani, azimayi inu! Uyu ndiye mwamuna, wabwera yekha osamukoka ndi chingwe. Amayi, mumusunge ameneyu."

Palibe anaseka pakhondepo. Tinakhala pabenchi kudikira, motalikirana. Malata ankalira ndi kutentha. Patapita nthawi chitseko chinatseguka.

"Esnati Sakala!"

"Ndili pano," anayankha mawu amene ndinkawadziwa, ndipo diresi lobiriwira linadzuka n'kulowa.

Sanachedwemo. Potuluka, asisita anamuperekeza mpaka pakhonde. "Mubwerenso mu Januwale, mai Sakala. Popeza abambo ndawaona, muzingobwera nokha."

Jesina anavulira m'thengo, pafupi ndi mudzi, ndipo ndinapinda diresilo ndekha, mmene mwini wake ankapindira. Jesina anakhalanso mwana wa sukulu, akudandaula za minga ndi kundifunsa ngati masau aja atsalako. Ndinamupatsa onse.

Tinafika dzuwa litapendeka. Apongozi aakazi anandilonjera ali patali, monga mwa ulemu, ndipo azakhali a Esnati, amene ankayendetsa mwambowo, ndiwo analandira sutukesi. Anaitsegula pamkeka kuti aone ngati zonse zafika. Dzanja lawo litakhudza diresi lobiriwira, linaima.

"Lafunda," anatero. "M'khwapamu mwanyowa."

"Ndi dzuwa," ndinatero. "M'chigwa muno mukutentha."

Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anatseka msangamsanga, n'kuuza ana kuti asayandikire.

"Mwachita bwino kubwera, bambo. Mwana wathuyu sanagone, akuyendayenda. Mawa timuuza kuti pano wamaliza, apumule."

Jesina anali atatenga kale ndowa kupita kumadzi.

Ndinkaganiza kuti ulendowu ndi wokatula katundu, n'kubwerera wopepukidwa. Ndinaphunzira m'njira kuti lamulo lofuna chilolezo silifunsa ngati wovomerayo ndi woyenera. Limangofuna munthu wamkulu aime pakhomo. Ine ndinaima, ndi bodza, ndipo mpaka lero sindidziwa ngati ndinalakwira apongozi kapena ndinawasungira mwana wotsala. Mawa lake anandimeta, anawaza zovala, anauza Esnati kuti agone. Ndinawerama pamodzi ndi onse, ndikudziwa kuti mu Januwale adzamuitana pakhonde la chipatala lija, ndipo adzayankha.