Mlamu Anapita ndi Dzina la Amayi

Mlamu wanga atasiyana ndi mlongo wanga, tinamusecha. Sindikunama. Ankhoswe a mbali zonse ziwiri anakhala pakhonde kwathu ku Nabvutika, katundu wake atayalidwa pamphasa: bulangeti, nsapato, laputopu, ndi wailesi yomwe inkalankhula pokhapokha ukaimenya. Mkamwini amachoka ndi zimene anabwera nazo. Amalume athu ananyamula chikwama chake, n'kuchigwedeza pafupi ndi khutu, nati, "Mulibe chathu umu. Apite bwino."

Koma mlamu anapita ndi dzina la amayi.

Ife timapera chiponde. Nsawa timagula kwa alimi a ku Chiparamba, ndipo pa botolo lililonse pali dzina la amayi la paubwana, limene ngakhale bambo sanalitchulepo mokweza mpaka kumwalira kwawo. M'munsi mwake muli adiresi ya pa intaneti ya dzina lomwelo, imene masitolo a ku Lusaka amatumizirako maoda. Anatilembetsera adiresiyo ndi mlamu, poti pabanja pathu iye yekha ndi amene sankaopa kompyuta. Pofunsidwa mwini wake, analemba dzina lake. Ine ndinali pambali pake, ndikumuthirira tiyi.

Patapita sabata, maoda anasiya kubwera. Nditatsegula adiresi ija pafoni ndinapeza dzina la amayi likugulitsa chiponde cha anthu ena. Ndinaonda tsiku lomwelo. Dzuwa lisanalowe ndinali nditaboola lamba kawiri, ndipo lambayo alipo, wokayika abwere adzamuone.

Ndinamuimbira. "Alamu, bwezani dzina."

"Si munasecha?" anatero, n'kudula.

Loya wina m'tauni anandiuza kuti pankhani zotere amayamba kuyang'ana amene analembetsa, ndipo mlandu ukhoza kudya zaka. Kunyumba malebulo omata pamabotolo, osindikiza kale, anali atadzaza chipinda moti mlongo wanga ankagona choimirira. Amayi ankangofunsa kuti, "Kodi a ku Lusaka asiya kudya?" Tinawauza. Anangopempha chitenje chawo chatsopano choti avale kukhoti.

Tinakasuma kukhoti laling'ono, ngakhale loya anachenjeza kuti akatibweza. Oweruza, bambo wachikulire wa magalasi, analamula kuti chinthu chobedwacho chiikidwe patebulo. Ndinaikapo botolo. Ndinali nditaligwedeza njira yonse moti chiponde chinasakanikirana ndi mafuta ake bwino kuposa mmene makina athu amachitira.

Mlamu anaimirira, tayi pakhosi, mapepala m'manja. Amayi anali atakhala kutsogolo, akumuyang'ana. Zaka zonse za ukwati wake munthuyu sanadyepo nawo pamodzi, ndipo akawaona panjira ankapatuka.

"Mukuti dzinali ndi lanu," anatero oweruza kwa mlamu. "Litchuleni kuti kalaliki alembe."

"Lalembedwa apa, bwana."

"Maso anga akalamba. Tchulani."

Mlamu anatsegula pakamwa, kutuluka mpweya wokha. Akanangolitchula, mapepala onse anali kumbali yake, ndipo ife tikanabwerera kukakoleza moto ndi malebulo.

"Iwe," anatero amalume a mlamu kuchokera kumbuyo, "ukatchula dzina la apongozi ako pagulu pano, kumudzi usabwerenso."

Mlamu anatsitsa mapepala aja. "Ndi dzina la amayi awa, bwana."

"Kalaliki, lembani zimenezo," anatero oweruza. Kenaka anavula magalasi n'kunena kuti za intaneti si za khoti lawo, tituluke tikakambirane ngati anthu.

Tinakambirana pansi pa mtengo, amalume ake ataimirira kumbuyo kwake. Mlamu anatsegula laputopu, nafufuta dzina lake, nalemba la mlongo wanga. Ndinamubwerezetsa kuwerenga katatu.

Maoda anabwerera, koma mtima wanga ayi. Mmawa uliwonse ndimatsegula adiresi ija ndisanasukusule, kuona ngati amayi agona kwathu. Iwonso anandifunsa kuti dzina lawo tsopano limakhala kuti, ine n'kuwaonetsa foni. Chiyambire tsiku limenelo, akandiona ndikuilowetsa m'thumba la kumbuyo amakuwa ali kukhitchini, "Iwe! Usandikhalire!"