Masamba Patsinde pa Masitepe Oyenda Okha

Ntchito ya pa siteshoni ya pansi pa nthaka anandipezera ndi msuweni wanga Yohane. Ine kwathu ndi ku Chezi, m'mapiri a Dowa, ndipo chikulireni ntchito yomwe ndinkaidziwa inali ya utenanti pa esiteti ina kufupi ndi Mponela: kuthirira nazale, kusoka fodya, kupachika m'zigafa. Fodya atatikana chaka china, Yohane anandiitanira ku Joni. Atandiuza kuti kampani ina yokolopa ikufuna munthu pa siteshoni ya sitima zoyenda kunsi kwa mzinda, ndinaseka, poti msuweni ndiye mwini chipongwe. Koma sizinali nthabwala. Anandiuzanso kuti ndiigwire ndi manja awiri, chifukwa mlendo ikamupulumuka ntchito yotere, ina saiona msanga.

Tsiku loyamba ndinagwira pakamwa. Kumsewu umangoona khomo lagalasi ngati la sitolo, osadziwa kuti pansi pako pali mudzi wonse. Ukalowa, umatsikira mu holo yaikulu momwe muli makina ogulitsa matikiti ndi tizipata totseguka tokha ukagunditsa khadi. M'holomo munali miphika ikuluikulu ya mitengo ya masamba atambalala, yomwe inkapeza dzuwa kudzera pa denga lagalasi. Kuchoka apo mpamene pamayambira masitepe oyenda okha, aatali ngati chitsikira cha phiri, ena otsika, ena okwera. Pansi penipeni pali pokwerera, pakati pa njanji ziwiri: sitima yopita kumpoto kudzanja ili, yopita kummwera kudzanja linalo. Mphepo ya kumeneko imabwera ndi sitima, ndipo imafika sitimayo isanaoneke. Ulendo woyamba ndinathawira kuseri kwa chipilala.

Kapitawo wathu anali mayi Thandi, mzimayi wamfupi wolankhula pang'ono. Iwo ndiwo anandifotokozera mbiri ya malowo potizunguliza. Kale, akuti, panali siteshoni wamba ya pamtunda, ya sitima za malasha. Mzinda utakula, nyumba zinapanikiza njanji, malo owonjezera kunalibe, basi akuluakulu anati tilowe pansi. Anaboola thanthwe ndi chimakina chonga mfuko. Madzi a pansi sanagonje mpaka lero, ndiye kuseri kwa khoma kuli mapampu osagona. Njira yakale yomwe okumba ankatulutsira miyala anaitseka ndi njerwa mbali imodzi, n'kusanduka chipinda chathu chosungira zida. Ndinakumbuka agogo anga amene anagwirako m'migodi ya kumeneko, ndinati m'mtima, kodi banja lathu analilembera zokhala pansi?

Zida zanga zinali mopu, chidebe cha matayala chokhala ndi chofinyira, tsache lalitali, chikwangwani chachikasu chochenjeza za poterera, ndi kawailesi ka m'manja. M'mawa ndinkathirira mitengo ya m'holo ija, kenako n'kutsika kukakolopa pokwerera, kuyambira pakati kupita kumzere wachikasu wa m'mphepete mwa njanji, osadumpha mzerewo ngakhale mopu itagwera kunjanji. Lamulo lalikulu mayi Thandi analinena ataima patsinde pa masitepe otsika, chala chili pa batani lofiira loimitsira.

"Apa suikapo kanthu. Chidebe ayi, chikwangwani ayi. Masitepe awa sadziwa kudikira. Ukaikapo kanthu, ntchito yatha tsiku lomwelo."

Ndinamva, ndipo ndinasunga kwa miyezi yambiri. Chimene chinkandivuta si ntchito ayi, koma anthu. Khamu ngati la pa msika wa Mponela tsiku la kabwandire, koma wopereka moni palibe. Poyamba ndinkati "zikomo" kwa aliyense wodutsa pamopu wanga, mpaka kukhosi kunauma ndekha ndinaleka.

Tsiku lovuta linafika m'mawa, nthawi ya piringupiringu wa opita kuntchito. Bambo wina wachikulire, wa jekete ya bulauni, atanyamula kontena ya chakudya, anatsika sitima n'kutsamira chipilala pafupi ndi masitepe otsika. Ndinaona akutsetsereka pang'onopang'ono mpaka kukhala pansi, mutu n'kugwera pambali. Ndinaitana pa kawailesi. Achithandizo anafika msanga ndithu, anawatsindika pachifuwa kwa nthawi yaitali, kenako anayang'anana n'kupukusa mitu. Anawafunditsa chipepala chonyezimira, anaimika kansalu kotchinga mbali imodzi, n'kunena kuti galimoto ya apolisi ibwera. Ndiye anapita.

Ndinadikira kuti sitima ziima. Sizinaime. Mawu a m'zimkuzamawu anapitiriza kulengeza sitima yotsatira ngati palibe chachitika. Nsapato ya malemuwo inatulukira kunja kwa chipepalacho, ndipo anthu ankaidumpha ngati chithaphwi. Mnyamata wina anadutsa akudya chipisi. Wina anakankha kontena ija ndi phazi osatembenuka n'komwe. Mlonda amene achithandizo aja anamusiya pamenepo anafulatira mtembo n'kumasewera ndi foni. Munthu wathunthu, wa ana ake kwinakwake, atagona yekha ngati thumba la mgaiwa!

Kwathu pakagwa maliro timathyola masamba n'kuyala pamsewu. Wagalimoto amachepetsa liwiro, wanjinga amatsika, wachipewa amavula. Sindinaganize kawiri. Ndinakwera kuholo, ndinathyola masamba a mitengo yanga yomwe ija, ndinabwerera n'kuwayala modutsa patsinde pa masitepe otsika, poti njira yofikira pamalirowo inali imeneyo. Lamulo sindinaliiwale ayi. Kungoti m'mutu mwanga masamba sanali kanthu koika panjira ngati chidebe. Masamba satseka msewu, amangouza munthu kuti adutse ndi ulemu.

Ambiri anangoponda osaona. Kenako kunatsika bambo wina wa ovololo ya buluu ndi chipewa. Atafika pansi anaona masamba, anaona chipepala chija, ndipo anaima chiriri pomwepo n'kuvula chipewa. Wapambuyo pake anamugunda, winanso anagunda ameneyo, koma masitepe ankangokhuthula anthu ngati chigayo. M'kuphethira kwa diso anthu anaunjikana, zikwama, miyendo, kukuwa. Ndinaona mayi wina wa mwana kumbuyo akugwa chagada, anthu n'kumugwera pamwamba. Mayi Thandi ndi amene anatulukira sindikudziwa kuti, n'kumenya batani lofiira.

Tinayamba kukoka anthu mmodzimmodzi. Titafika pa mayi uja, mwana anali zii. Sindinayambe ndaopapo chonchi m'moyo mwanga. Anamumasula, anamugwedeza, ndipo kenako kamwanako kanatulutsa mfuu womveka siteshoni yonse. Mayi ake bondo linali litang'ambika ndi mano a masitepe, magazi ali chuchuchu pamalo pomwe ndinali nditangokolopa.

Bambo wa ovololo uja, chipewa chili m'manja, analankhula yekha m'Chichewa chenicheni cha kwathu:

"Pepanitu, pepani. Ine ndimati kwagwa zovuta."

Pa khamu lonse lija, masamba anga anawamva munthu mmodzi yekha, wa ku Ntchisi monga anandiuzira pambuyo pake, ndipo kumva kwakeko n'kumene kukanapha mwana.

Mayi Thandi anatola tsamba limodzi n'kundiyang'ana.

"Waika ndani?"

"Ndine, mayi."

"Ndi mankhwala?"

Ndinawafotokozera za mwambo wa kwathu. Iwo anati:

"Kuno munthu akaima, wina amafa. Makamera aona, ine sindingakubise. Ntchito yatha." Anayang'ana chipepala chija, n'kupitiriza motsitsa mawu: "Koma galimoto isanabwere ukadali wantchito wanga. Siya mopu. Kakhale nawo."

Ndinakakhala pansi pafupi ndi mutu wa malemuwo, msana kuchipilala. Ndinabweza nsapato ija mkati mwa chipepala, ndinatola kontena n'kuiika pambali pawo. Bambo wa ku Ntchisi uja anabwera kudzakhala mbali inayo. Ndinawauza kuti achedwa kuntchito.

"Achimwene, maliro n'kulirana," anatero. "Abwanawo akalipa, atopa."

Tinakhala choncho, sitima zikubwera n'kumapita, mphepo yake ikugwedeza chipepala. Tinapemphera chamumtima. Apolisi atafika tinathandiza kukweza thupi pa machira mpaka m'chikepe chokwerera kumsewu. Madzulo ndinabweza yunifolomu ndi kawailesi. Yohane anandikalipira mpaka kukhuta, ndipo ananena zoona. Ntchito ina yokhazikika sindinaipezenso, ndipo mvula isanagwe ndinali nditabwerera ku Chezi, komwe ndikulima mtedza mpaka pano.

Achinyamata ofuna kupita kumeneko akamandifunsa za sitima za pansi, ndimawauza za masitepe aja. Ndimati mwambo uli ndi nthaka yake, ndipo usanachite chabwino kwa eni, yamba wayang'ana amene ali kumbuyo kwako. Mfuu wa mwana uja umandidzidzimutsabe, ndipo masamba pamalo paja sindingaikenso ngakhale atandikakamiza. Koma kukhala pansi paja sindinong'oneza nako bondo. Dzina la bambo womwalira uja sindinalidziwe, kwawo sindikudziwa, kaya ana ake anauzidwa bwanji. Mwezi wa Novembala, pa Misa yopempherera akufa, ndikatha kutchula makolo anga ndimawonjezera kuti "ndi abambo a pa siteshoni," ndipo akazi anga anasiya kalekale kundifunsa kuti ndi achibale a mbali iti.