Kompyuta Itandifunsirira Esinati

Ndiulule lero: nthawi ya chipani chimodzi ndinanamizira kompyuta. Ndinali kalaliki pakampani ina yonyamula katundu ku Chileka. Nditangophunzira timizere tiwiri ta BASIC, chinenero cholamulira makompyuta, ndinalamula kompyuta ya mu ofesi kuti ilembe "Esinati ndimakukonda" mobwerezabwereza. Esinatiyo anali taipisiti wathu wa ku Lirangwe, amene ngakhale moni ndinkachita chibwibwi pomupatsa. Koma kuimitsa kwake sindinkakudziwa. Pulinta inangolirabe, mapepala ali mbwee pansi, mpaka abwana anatulukira.

"Walemba zimenezi ndani?"

"Kachilombo ka makompyuta, bwana," ndinatero. "Kamabwera ndi madisiki a ku Joni."

Esinati anatola pepala limodzi n'kuliwerenga, kenako anandiyang'ana.

"Kachilomboko n'kolimba mtima kuposa amuna ena muno."

Ine, kupusa kwanga, ndinagwedeza mutu n'kuti, "Zoonadi, achemwali."