Madzi pa mbaula ya Che Dobi

Ndikakumbukira agogo anga aamuna, mphuno zanga zimadzaza fungo la nsalu yonyowa ikakumana ndi simbi yamoto, fungo losakanikirana ndi utsi wa makala ongoyaka kumene ndi sopo wochapira. Ndimawaona ataima pakhonde la nyumba yathu kuseri kwa msika wa ku Mangochi, manja a malaya atawapinda, masaya atatupa ndi madzi amene ankawazira pansalu ndi pakamwa, kenako simbi n'kudutsapo ikulira. Dzina lawo linali Che Bwanali, koma aliyense ankangoti Che Dobi, chifukwa ntchito yawo inali yochapa ndi kusita zovala za anthu. Simbi imeneyo ndiyo inkatidyetsa ine ndi amayi anga, pakuti bambo anamwalira ndisanayambe sukulu. Ine ankanditcha mkazi wawo, monga agogo amachitira ndi adzukulu, ndipo ankandiopseza kuti andisudzula ndikachedwa kuwatungira madzi akumwa.

Mbaula yawo ndiyo inkayamba kuyaka mumdadada wonse wa nyumba zathu. Akangobwera kuchokera kumzikiti m'mawa ankakoleza moto wa simbi, ndipo posakhalitsa mumamva "Odi, Ambuje!", amayi a nyumba zoyandikana akuitana agogo, atabwera kudzapala moto. Aliyense ankabwera ndi phale lake, kachibenthu ka mphika wosweka, n'kutola makala oyaka awiri kapena atatu, n'kuthamanga nawo kwawo kukayatsira nkhuni. Machesi ankagula ndi ochepa mumdadadamo. Agogo sankatembenuka n'komwe. Ankangoti, "Palani, palani," maso ali pa kolala wa shati.

Ndili mu Sitandade 4 zinthu zinayamba kuluma. Magetsi ankazimazima m'tauni, ndiye mabwana a m'nyumba za mipanda, omwe aja ankatinena kuti timanunkha utsi, anatsikira kumsika kudzalimbirana nafe makala. Amalonda a njinga ochokera kumapiri a ku Katuli ataona zimenezo anakweza mtengo, ndipo mvula itagwa, misewu n'kuyamba kuterera, anakwezanso. Thumba lenilenilo linayamba kuonda. Pamwamba ankasanjapo makala akuluakulu okopa maso, pansi pake fumbi ndi miyala. Pawailesi panali bambo wina wa mawu onona amene ankatilangiza tsiku ndi tsiku kuti tisiye makala, tiziphikira magetsi. Magetsi ake ati? Ife waya tinkangomuona akudutsa pamwamba pa denga lathu, mbalame zikuterapo. Mpaka lero ndikamva munthu wokhuta akulangiza anjala ndi mawu onona chonchija, ndimafuna kuponya wailesiyo mu Shire.

Ndiye mapale anayamba kukula. Amene ankabwera ndi kachibenthu anayamba kubwera ndi chivundikiro cha poto. Woposa onse anali Abiti Yusufu, mayi wa ana anayi wa nyumba yakumapeto, amene amuna awo anapita ku Joni n'kutchona. Iwowa ankabwera katatu patsiku ndi khasu lakutha lopanda mpini, n'kulilowetsa m'mbaula ngati akukumba mbatata. Tsiku lina ndinawatsatira n'kukasuzumira pa mpanda. Kunalibe nkhuni zoti ayatse. Makala athu aja anangowakhuthulira pakati pa mafuwa, n'kuterekapo kapoto ka phala.

Ndinathamanga kukauza amayi, ndipo amayi anawapeza agogo, bambo awo owabereka, patebulo lositira.

"Atati, anthu awa sakupala moto, akututa makala. Thumba linkatifikitsa milungu iwiri, pano sabata silikwana."

"Moto samana," anatero agogo, akukupiza simbi m'mwamba kuti makala ayake.

"Moto samana, inde, koma makala amagula! Wogulayo ndani?"

"Kuyambira kale womana mnzake moto ndi mfiti. Ukufuna ndikalambe ndi dzina limenelo?"

"Ndiye tizidya dzina lanu labwinolo."

"Wallahi mwana iwe, pakamwa pakopo pakanakhala mbaula, bwenzi tauni yonse ikupala pomwepo."

Ine ndinali mbali ya amayi, ndipo ndinkapsa mtima kuposa iwo. Tiyi wam'mawa tinali titasiya. Madzi osamba ndinkasamba ozizira, mano akugundana, kenako n'kumaona makala amene akananditenthetsera madziwo akutuluka pabwalo pathu pakhasu la munthu wina. Ndinkawada Abiti Yusufu ndi mtima wanga wonse, ndinkada khasu lawo, ndinkada ngakhale "odi" wawo.

Lachinayi ndilo linali tsiku lalikulu la ntchito, chifukwa amuna ankabweretsa mikanjo yawo yoyera yoti akavale pokaswali Lachisanu. Lachinayi limene ndikunenali kunali mvumbi, thambo litatseka kuyambira dzulo lake. Mikanjo inali itaunjikana patebulo, ndipo m'thumba munatsala fumbi lokhalokha. Makala onse omaliza anali m'mbaula, akuyaka bwino. Masana agogo anapita kumzikiti, amayi anali kumsika, ndipo ine anandisiya kuti ndiziyang'anira zovala. Nditakweza maso ndinaona Abiti Yusufu akutuluka m'nyumba mwawo, chitenje atafunda kumutu, khasu lija lili kumanja.

Mtima unandiwira. Sindinaganize kawiri. Ndinanyamula ndowa ya madzi otsukuluzira zovala n'kukhuthulira onse m'mbaula. Phulusa lotentha linandiulukira kumaso.

"Odi! Ambuje alipo?"

"Kulibe. Ndipo moto wazima."

Anayang'ana nthunzi imene inkakwerabe kuchokera m'mbaula, anayang'ana madzi akuda amene ankayenderera kumapazi awo, kenako anayang'ana ndowa ili m'manja mwanga.

"Chabwino, mwanangu," anatero, n'kutembenuka.

Sananditukwane. Ndikanakonda akananditukwana.

M'nzeru zanga zachibwana ndinkati makala ndawapulumutsa, ndiwayanika, agogo ayatsanso. Ndinaiwala kuti dzuwa loyanikira kulibe. Agogo atabwera anaima pambaulapo. Anatola khala limodzi n'kulifinya, madzi akuda akutsikira m'zala zawo.

"Wachita ndani?"

"Ndine. Amafuna atithere makala athu."

Anavula kofiya, anakanda m'mutu, anaivalanso. Ndinkayembekeza mbama, koma sinabwere. Analowa m'khitchini, anatenga phale la amayi, n'kutuluka nalo mumvula.

Kwathu mwamuna sapala moto, makamaka nkhalamba ya ndevu zoyera. Ndi ntchito ya amayi ndi ana. Ndinawatsatira chapatali ndikulira, ndipo ndinawaona akuima khomo ndi khomo, mawu ali pansi: "Odi, ndadzapala moto." Amayi aja ankatuluka atagwira pakamwa. Ambiri moto wawo unali utazima kale, poti aliyense masiku amenewo ankazimitsa akangophula mphika. Mmodzi anapeza timakala tiwiri, koma tinazimira panjira ndi madontho a mvula. Nyumba zinatha, inatsala yakumapeto.

Abiti Yusufu, nditawabweza ine, anali atafukula timakala tam'mawa timene anakwirira m'phulusa, n'kuwonjezerapo zitsononkho za chimanga, ndipo anali atagwada akuuzira pansi pa kapoto kawo. Ana anayi aja anali atakhala pamphasa, aliyense ndi mbale yake pamiyendo. Anakweza maso n'kuona agogo ndi phale. Anaphula poto, anakokolola moto wonse ndi khasu lija, n'kuuika paphale la agogo.

"Tengani, Ambuje. Ndi wanu womwe."

"Nanga ana?"

"Phala lapsa kale."

Linali bodza. Ndinaliona ndi maso anga phalalo, loyera mbuu, lamadzimadzi, lisanawire n'komwe. Kamwana kakang'ono kanatsatira phale la agogo ndi maso mpaka pakhomo.

Moto umenewo unasita mikanjo itatu, basi. Agogo anayesa kuumitsa makala onyowa aja pambali pa simbi, anangofuka osayaka. Anayesa fumbi la m'thumba, linathetheka n'kuzima. Mikanjo yotsalayo anaipinda bwinobwino n'kuitsendereza ndi mtondo, koma nsalu yoyera sinamizika. M'mawa wa Lachisanu eni ake anayamba kufika. Che Alidi, mwini sitolo ya nsalu, amene ankabweretsa zovala za banja lake lonse, anatambasula mkanjo wake pamaso pa anthu.

"Che Dobi, mwakalamba. Ndikaime pamzere wakutsogolo kumzikiti ngati ndagona m'thengo?"

Agogo anangoti, "Pepani, bwana." Munthu wa msinkhu wa bambo ake, kumupepesa atawerama! Ndinkafuna kumulumphira kumaso, koma ndinkadziwa amene anathira madzi.

Patangotha sabata tinamva kajenereta koyatsira simbi yamagetsi kakulira kuseri kwa sitolo ya Che Alidi, ndipo zovala zake sitinazionenso. Ena anamutsatira, ena anapeza wosita wina. Ndalama ya thumba lathunthu sinapezekenso. Agogo anayamba kugula makala a m'timajumbo, ndipo aliyense amene anasaukapo amadziwa kuti wogula pang'onopang'ono ndiye amalipira zambiri. Wolemera amagula thumba motchipa, wosauka amalangidwa chifukwa chosauka. Ankayatsa mbaula masiku awiri pa sabata, kenako limodzi, ndipo ngakhale tsiku limodzilo aliyense wobwera ndi phale ankamuuzabe kuti apale. Mvula isanathe mbaula inazizira. Amayi anayamba kugulitsa usipa kumsika kuti tidye. Agogo ankakhala pakhonde tsiku lonse opanda chochita, chikhatho chikuyenda pabondo, kupita ndi kubwera, kusalaza thalauza losafuna kusalaza.

Nkhani ya madzi ija sanaitchulepo. Ndine ndinaiyambitsa, patapita zaka, ndili kusekondale, iwo akudwala. Ndinagwada pamphasa pawo n'kunena kuti andikhululukire, ndine ndinawaphera ntchito.

"Mkazi wanga," anatero, akuseka ndi chifuwa, "ukudzikweza. Ntchito ija inali ikufa kale. Unakweza makala ndiwe?"

Mawu amenewo sanandiziziritse mtima. Anangousamutsa mkwiyo wanga. Ndinali nditauthira pa mayi wa khasu lopanda mpini, amene ankatola zokwana m'manja awiri kuti ana ake anyambite phala, pomwe amene ankatifinya tonsefe sindinawaone nkhope. Osauka timalumana tokhatokha chifukwa mnzako ndiye ali pafupi ndi mano. Abiti Yusufu anasamukira kwawo ku Lungwena chaka chomwecho cha madzi, ndipo sindinawapepese.

Lero ndine mphunzitsi, ndili ndi ana awiri, ndimachita lendi m'tauni momwemuno. Waya uja analowa m'nyumba mwanga. Pakhoma pali mita, ndipo mayunitsi amene kale ankandifikitsa kumapeto kwa mwezi pano amandisiya pakati. Makala nawo sagwirika. Ndimazimitsa mababu ana akuwerenga, ndimakalipira munthu chifukwa chowiritsa madzi kawiri, ndasanduka mlonda m'nyumba yangayanga.

Mwezi watha mnansi wanga, mayi wachitsikana wa mwana kumsana, anagogoda atanyamula poto ndi nsanza. Mayunitsi anamuthera chakudya chili pamoto, ndipo anapempha kuti amalizire pa mbaula yanga yamagetsi. Ndinavundukula potoyo. Nyemba! Mwa zinthu zonse za pa dziko lapansi, nyemba, zolimba gwa, zofuna moto wa maola. Bodza linafika pamilomo lokha, loti nanenso andithera. Ndinalimeza. Ndinamuuza kuti alowe, atereke.

Anakhala pampando akundithokoza, akundisimbira za kwawo, mwana akuyamwa. Ine ndinkayankha "eya, eya," koma sindinamve liwu ndi limodzi. Maso anga anali pakhoma, pa timanambala tija tikutsika, ndipo mumtima ndinkazida nyemba zake imodziimodzi. Atapita ndinakhala pansi. Agogo ankapereka osayang'ana m'thumba. Ine ndimapereka, koma ndimawerenga, ndipo otifinya aja, amene anandiphunzitsa kuwerengera mnzanga moto, sindidzawakhululukira.