A Moni ndi Magolovesi a Maluwa

Ku siteshoni ya ozimitsa moto kumene amagwira ntchito amuna anga kuli dalaivala wachikulire amene aliyense amangowatchula kuti a Moni. Ndi aafupi, a kamimba, ndipo kapu yawo ya tiyi amaimangirira ndi chingwe pa lamba, ati anzawo akuntchito sasiya kanthu.

Tsiku loyamba kuwaona ndinali woyembekezera, ndipo ndinapita kukasiya chakudya chimene amuna anga anaiwala pa tebulo. A Moni anandipatsa dzanja, ine n'kulilandira mwaulemu, koma ndinadzidzimuka. Chikhatho chawo n'chosalala ngati pulasitiki, chopanda mizere, ndipo zala ziwiri sizipinda.

"Musaope, apongozi," anatero. "Ndi tiyi wa akazi anga ameneyu. Amatentha ndi kapu yomwe."

Kwa mayi wogulitsa nthochi pa geti, a Moni anati anawomba m'manja mopitirira muyeso pa ukwati wa mdani wawo. Kwa amuna anga anati anagwira kalata yachikondi ikadali yamoto. Aliyense ali ndi bodza lakelake limene anapatsidwa.

Dzina lakuti Moni linabwera chonchi. Belu likalira, iwo amayamba ndiwo kufika, kuliza injini, n'kuima pa khomo la galimoto manja onse ali m'mwamba. Aliyense wokwera amawomba manja ake awiri m'manja mwawo, phwa, iwo n'kuti, "Moni!" Sizichedwetsa munthu. Koma m'kuwomba komweko amakhala atamva ngati wavala magolovesi kapena ayi. Mawu awo ndi amodzi: "Dzanja lamaliseche silikwera galimoto yanga."

Amuna anga ankawanena mawu amenewa kunyumba akuseka. Ine sindinkaseka. Ndinkawasunga.

Chibadwire mwana wathu, amene timamuti Kamano chifukwa amaluma chilichonse, mantha anandilowa ngati chimfine chosatha. Ndikamva galimoto ija ikulira kutali, ndimasiya zonse n'kutchera khutu. Bambo ake akabwera ndimawanunkhiza malaya, kuwayang'ana nsidze ngati zawauka, kenako n'kumawerenga zala zawo mwakabisira, monga ndinawerengera za Kamano kuchipatala.

Lachiwiri lina anabwera ndi magolovesi onyowa n'kuwayanika pafupi ndi mbaula. M'mawa mwake anawaika m'chikwama n'kupita kukasamba. Ine ndinatsegula zipi pang'onopang'ono, n'kutulutsa la kumanzere, n'kulibisa pansi pa matewera. Nzeru yanga inali yakuti belu likalira a Moni awabweza, atsala pa siteshoni akusesa, madzulo abwera ndi zala zonse khumi. Ndinawaperekeza mpaka pa khomo ndi nkhope ya munthu wa kwaya.

Cha m'ma teni koloko ndikuchapa pa mpope, galimoto inalira ku msewu waukulu. Utsi wakuda unali tolotolo cha ku mashedi a akalipentala. Aneba athu, amene amuna awo anagwirapo ntchito yomweyi, anandiyang'ana mwachisoni.

"Musandidandaule, amayi," ndinatero monyada. "Anga lero sanapite." Ndipo ndinawaululira zonse.

Sopo anawagwa m'manja. "Iwe mwana iwe! Anakuuza ndani kuti amasiya munthu? Galimoto ija imapita ndi anthu asanu. Atsale mmodzi, paipi agwire ndani? Amuna ako ali ku motoko!"

Sindikumbuka kuti ndinamubereka bwanji Kamano. Golovesi lija ndinalifinyira m'nsalu cha pachifuwa, n'kuthamanga. Ku siteshoni ndinapeza pokhala galimoto pali mbee, kadontho ka oilo kokha pa simenti. Nsapato za anthu zinali mbwee pamene anazivulira, ndipo za amuna anga imodzi inali chafufumimba. Mayi woyankha mafoni pa siteshonipo anandilozera benchi.

Ndinakhala pamenepo maola awiri. Ndinkangoona chikhatho cha a Moni chija. Kenako ndinkaona dzanja lamanzere la amuna anga, limene amagwira nalo mutu wa Kamano pomusambitsa, chifukwa ine ndimaopa kuti anditereleka. Dzanja limenelo ndinalivula ndine.

Galimoto itabwera, chimene chinayamba kumveka ndi kuseka. Anatsika mmodzimmodzi, nkhope zili bii ndi mwaye. Amuna anga anatsika pomaliza, manja atabisa kumbuyo, koma poyenda pankamveka ngwe, ngwe, ngwe.

"Tsikani bwino, mkwatibwi, mungathyole maluwa!" anafuula mnzawo wamtali.

"Alamu, mwabwera kudzatenga akazi anu?" anawonjeza wina.

Pamenepo m'pamene ndinadziwa chimene amuna anga sanandiuzepo, mwina chifukwa cha manyazi. Pansi pa mpando wa a Moni pamakhala magolovesi apadera. Ndi enieni, okhuthala bwino, koma a Moni anawajambula maluwa ndi penti yofiira, anamangirira timabelu tachitsulo m'mikono, ndipo kumbuyo analembako zilembo zikuluzikulu: NDINAIWALA. Wobwera ndi dzanja lamaliseche amaponyeredwa amenewo. Akabwerako amakhala chivalire mpaka kuweruka, amadya nawo, ndiponso amapereka nawo moni kwa aliyense wolowa pa geti.

Ine maluwawo sindinawaone n'komwe. Ndinagwira dzanja lamanzere n'kulitembenuza. Chikopa cha golovesilo cha pa chikhatho chinali chitapsa n'kukwinyika, chikununkha. Ati anakankha chitseko cha malata kuti kalipentala wina atuluke. Ndinavula golovesilo n'kuwerenga zala pamaso pa anthu onse. Zisanu, khungu lili bwinobwino.

"Ine ndikulumbira, madala, ndinaika onse awiri m'chikwama," amuna anga ankadandaula.

"Onse amalumbira choncho," anatero a Moni, akumasula kapu yawo. Kenako maso awo anaima pachifuwa panga, pamene chala chimodzi cha golovesi lija chinali chitasuzumira. "Apongozi, tabwerani kuno ndimuone mdzukulu wanga."

Tinapita kuseri kwa galimoto. Analisolola, n'kulinunkhiza.

"Sopo wa matewera," anatero. "Mwana wanzeru uyu. Miyezi isanu yokha, akutsegula kale zipi."

Misozi inangoyamba yokha. Iwo anandisiya ndilire, akuseweretsa phazi la Kamano ndi zala zawo zosapinda zija. Kenako analankhula motsitsa mawu, ndipo kwa nthawi yoyamba sananame.

"Magolovesi anga anali pa chingwe, akuuma. Ndinawaona ndithu, koma ndinati m'pafupi, tibwera pompano. Chogwirira chitseko chikatentha sichisintha mtundu, apongozi. Mwana wanga wamkazi anali ngati uyu. Miyezi itatu sindinamunyamule, ankalira ine ndikungomuyang'ana." Anandibwezera golovesi lija m'manja. "Mwamuna uyu simungamuletse kupita. Chimene mungathe n'kuona kuti wapita atavala."

Kenako anatulukira poyera n'kukuwa: "Wakuba wapezeka! Ndi kamwana aka! Golovesi lija mayi ake alipeza m'matewera, athamanga nalo mtunda wonsewu. Muwawombere m'manja!"

Anandiwomberadi m'manja. Ine ndinkafuna pansi patang'ambika.

"Ndiye ndivule awa, madala?" anafunsa amuna anga mwachiyembekezo.

"Chikwama unachitsegula usanachoke pakhomo?"

"Ayi."

"Ndiye pita ukapereke moni kwa mayi wa nthochi."

Anapita, ngwe, ngwe, ngwe, mpaka ku geti.

Kuyambira tsiku limenelo, m'mawa uliwonse ndimaima pa khomo lathu manja ali m'mwamba, ndipo bambo a Kamano sadutsa asanandionetse onse awiri. Mantha sanathe ayi. Iwo mpaka lero sakudziwa kuti wakuba ndinali ine. Amamuloza mwana chala n'kumati, "Iwe kambava iwe, unandiveka maluwa," mwana n'kuwaluma chalacho.

A Moni akandiona pa geti amakweza kapu yawo.

"Matewera auma, apongozi?"

"Auma, bambo."

"Mulibe kanthu?"

"Mulibe, bambo."

"Moni!" amatero, n'kundipatsa chikhatho chosalala chija. Masiku ano ndimachigwira molimba.