Zilembo Zoyang'ana Kumbuyo

Mlamu wanga anali wa ku Russia. Achimwene anakumana naye kumeneko akuphunzira za matenda a ziweto, n'kubwera naye kuno ku Chongwe, komwe anakhala nafe zaka zambiri mpaka malungo anamutenga. Dzina lake linkatipinda lilime tonse, choncho tinkangoti Amulamu basi. Ngakhale ana a anthu oyandikana nafe ankamuitana choncho.

Chitatha chaka, achimwene anayamba za chiliza. Mayi ake a malemuyo, okalamba kale, anali atalemba kalata yopempha chinthu chimodzi chokha, chithunzi cha manda, kuti aone dzina la mwana wawo pomwe wagona. Achimwene anati dzinalo lilembedwe m'zilembo za kwawo komweko. Wogoba miyala wa ku Lusaka anakana zolemba pamanja, ndipo sindimunena, chifukwa zolemba za achimwene ngakhale m'Chinyanja siziwerengeka. Ankafuna pepala losindikiza, zilembo zikuluzikulu.

Ine ndinkataipa mu ofesi ya pa mishoni, momwe munali kompyuta imodzi yomwe tinkaifunditsa chitenje kuopa fumbi. Mtolo unagwera ine.

"Iwe uli na kompyuta," anatero achimwene. "Nifuna chabe mizere iwiri."

Mizere iwiriyo inandidyera miyezi itatu. Kompyuta yathu inalibe fonti ya Chirasha, ndipo ine sindinkadziwa n'komwe kuti zilembo zimachita kulowetsedwa kuchokera kwina. Ndinayamba ndafunsa bambo mfumu wina wa ku Poland, poganiza kuti azungu a mbali imeneyo amalemba zofanana. Anandiyang'ana ngati ndawatukwana. Kenako achimwene anakumbukira mnzawo wa kusukulu amene ankakonza makompyuta ku Lusaka. Ndinakwera minibasi katatu kukatenga zilembozo kwa iye pa disiketi. Disiketi yoyamba inafika itafa, kaya ndi dzuwa kaya ndi mabampu. Yachiwiri inalowa bwino, koma pa sikirini pankangotuluka timabokosi. Pofika ulendo wachitatu ndinali nditatopa nawo onse, achimwene, mnzawoyo, ngakhale malemu amene, Mulungu andikhululukire.

Yachitatuyo inatheka, koma kiyibodi inasanduka mlendo. Ukadina F pankatuluka A. Tinakhala Loweruka lonse, ine ndikudina batani lililonse, achimwene akujambula chilembocho pa kapepala, ine n'kumata. China chinali ngati kangaude. M'dzina la Amulamu munali R woyang'ana kumbuyo ndi N wotembenuka.

"Izi sizinalakwike?" ndinafunsa.

"Ni mwamene zilili," anayankha. Dzina litatuluka lonse pa sikirini, anakhala akuliyang'ana, osandilola kuzimitsa mpaka nthawi yotseka ofesi itakwana.

Pulinta yathu inali yolira ija, yolemba ndi timadontho, riboni yake itafwifwa. Ndinasindikiza pepala lililonse kawiri, n'kudutsamo ndi bolopeni yakuda chilembo ndi chilembo mpaka zala zinauma. Mapepala ena tinapatsa wogoba miyala, ena achimwene anapinda n'kuika m'thumba la jekete.

Mwala unabwera utakulungidwa m'masaka, ndipo amisiri anauika achimwene ali kukatemera ng'ombe ku Nkomeshya. Pomwe ankabwerako unali utaphimbidwa kale nsalu yoyera, kudikira tsiku lake. Palibe amene anaganiza zosuzumira.

Tsikulo kwaya inaimba, wojambula zithunzi anakonzeka, nsalu inachotsedwa. Wogoba miyala uja anali pomwepo, atavala tayi, chifuwa chili patsogolo. Anandinong'oneza mokondwa.

"Ba sisi, kompyuta yanu inatembenuza maleta awiri. Osadandaula, ninakonza."

R anali atayang'ana kutsogolo. N anali atawongoka bwinobwino. Anthu anaomba m'manja, poti kwa iwo zonse zinali zachilendo chimodzimodzi. Ndinafuna kumukalipira bamboyo, koma mphamvu zake ndinalibe, ndipo iye anachitadi zimenezo pofuna kutichotsa manyazi.

Achimwene anawerenga mwalawo kawiri. "Ili si dzina la munthu," anatero motsitsa. "Ali moyo tinakangiwa kumuitana, dzina linatikanika. Manje takangiwa na kumulemba."

Anthu atabalalika kupita kokadya, achimwene anaitana wojambula uja. Anatulutsa mapepala aja m'jekete, nawatambasula pamwamba pa zilembo za pamwala. Kunali mphepo, choncho iwo anagwira mbali ina, ine mbali inayo.

Chithunzi chimenecho ndi chomwe chinapita ku Russia. Mwala ukadali momwemo mpaka lero. Mayi aja anaona dzina la mwana wawo lili lolondola, pa pepala lopindikapindika, chala changa chachikulu chikuoneka pakona, chitada ndi inki ya papepalapo.