Mawu a Kuseri kwa Kapa Yachikasu

Ndinakwatiwa ku Canongola ndili ndi katundu wamitundu iwiri wopanda msika mumzinda wa Tete: Chingerezi cha Fomu 2 ndi mtima wapachala. Chingerezicho ndinachitola ku Ntcheu, kumene tinathawira nkhondo ndili wamng'ono, komwenso tinasiya manda a bambo anga. Mtimawo ndiye ndinabadwa nawo, sindinamizira munthu. Kuno ofesi iliyonse inkafuna Chipwitikizi, kumsika Chinyungwe. Ndikangotsegula pakamwa, amayi ogulitsa masau ankagwedezana n'kumati, "Wabwera Mmalawi uja," mtengo n'kukwera pomwepo. Ndinkakangana nawo mpaka thukuta kamukamu, masauwo n'kugulabe.

Tinkakhala pakhomo pa apongozi anga aamuna. Akazi awo anali atamwalira ine ndisanabwere. Mwamuna wanga anali motorista wa magalimoto akuluakulu a ku Moatize, sabata yathunthu ali pamsewu. Ndiye pakhomo tinkatsala awiri, ine ndi mkuluyo, anthu amene mwambo sunkatilola kuyang'anana m'maso kapena kuyankhulana mwachindunji. Kwathu ku Angónia chipongozi si masewera. Iwo akatulukira uku, ine ndinkapatukira uko. Akafuna kundiuza kanthu ankauza chilichonse chimene chili pafupi. "Iwe nkhuku, kawauze amayi a pakhomo pano kuti mchere watha." Ine ndili kuseri kwa chitseko ndinkayankha nkhuku yomweyo kuti ndamva.

Chuma chawo chinali madisku a nyimbo. Ali achinyamata anagwirapo ntchito yotsuka mbale m'hotela ina ku Beira, ndipo amalinyero ndi amene ankawagulitsa nyimbo za anthu akuda a ku Amereka, zija amati soul. Disku ya woimba mmodzi sankaikonda, ankati imakola ngati nyemba sabata yonse. Ankafuna za kasakaniza, zimene iwo ankazitcha makoletaniya, momwe oimba khumi kapena kuposa amapatsana mpata, uyu alire, uyu avine. Dzuwa la Tete limapinda disku ngati mbale, choncho ankawasunga choimika m'bokosi lamatabwa, atakulunga m'kapulana, chitenje cha malemu akazi awo, pafupi ndi mtsuko wa madzi akumwa. Lamulungu lililonse, tikachoka ku misa, cha m'ma kinze ora, 3 koloko masana, ankatulutsa jira-disku, makina oimbira madiskuwo, pavaranda n'kukhala pampando wawo wa nsaru.

Tsiku lina ndikusesa ndinapeza kapa ya disku, chikuto chake chija, ataiiwala pawindo. Ndinaitembenuza. Abale inu, kuseri konse kunali Chingerezi chothithikana, chofotokoza woimba aliyense ndi nyimbo yake! Ndinali ndi ludzu la chilankhulo chimenechi osadziwa. Ndinayamba kuwerenga mokweza, tsache lili m'khwapa, mpaka ndinamva kukhosomola m'nyumba.

"Iwe makina," anatero apongozi anga, "kodi pakhomo pano pali munthu womva nyerere zolembedwa kuserizo? Ine ndaziyang'ana zaka makumi atatu, sizinandiyankhulepo."

Lamulungu lotsatira ndinapeza mkeka utayalidwa pangodya ya varanda, poti khoma linkatibisa wina kwa mnzake. Pamkekapo panali kapa. Kuyambira tsikulo disku sinkazungulira ndisanawerenge. Ndinkayamba m'Chingerezi kuti khutu lawo limve kukoma kwake, kenako n'kumasulira m'Chinyanja. Tinamva za oimba oyambira m'makwaya a kutchalitchi, za ana a anthu othyola thonje. Pa thonjepo mkuluyo ankati "hmm" wautali, chifukwa thonje lokakamiza la nthawi ya Apwitikizi ankalidziwa ndi msana wawo. Tsiku limene ndinawerenga za woimba wina amene anatsukako mbale m'hotela, anaseka mpaka kutsamwa. "Iwe makina, wamva? Mnzanga ameneyo! Ine ndinangosowa mawu basi."

Anali ndi makoletaniya ambiri, koma atatu ndiwo tinkawabwereza. Ina inali ndi chithunzi cha galimoto lalitali lofiira, nyimbo zake zothamanga zokhazokha. Ina inali yakuda bii, ya magulu a amuna oimba mosinthana mawu. Ya pamtima pawo inali yachikasu, pamwamba pali mayi wa tsitsi lalikulu lozungulira atatsinzina. Mbali yachiwiri, nyimbo yachinayi, ankaimba mayi wina wa mawu osasa pang'ono. Kuseri kunalembedwa kuti ankasoka malaya m'fakitale ndipo Lamulungu ankaimba m'tchalitchi cha bambo ake. Ndinawerenga ndime imeneyo kambirimbiri, moti ndikanatha kuinena nditatseka maso. Pamkeka paja ndi pokhapo mumzinda wonse pamene sukulu yanga inali ndi ntchito, ndipo ndinkayembekezera Lamulungu ngati mwana.

Zaka zinayi zinatha ndilibe pathupi. Pamenepo azakhali a mwamuna wanga, mlongo wawo wa apongozi, amene ankalima ndiwo zamasamba ku Nhartanda, anayamba kubwera pafupipafupi. Ankafika ndi mtolo wa masamba a kove, koma pakamwa atanyamula minga. "Nkhuku yosaikira imangotha chimanga," ankatero akuyang'ana kukhola, ngati kuti ine ndine chitsiru chosamva mikuluwiko. Kenako mnansi wathu ananditsina khutu kuti mtsikana woti alowe m'malo mwanga wapezeka kale, ndipo akuluakulu adzakumana Lamulungu la sabata ya mawa kuti atumize mawu kwa ankhoswe anga adzanditenge. Ndinafunsa mwamuna wanga. Anangoyang'ana nsapato zake n'kuti, "Ndi akuluakulu, nditani ine?" Asa! Munthu woyendetsa chigalimoto cha matayala makumi awiri, kuopa mayi wogulitsa kove.

Koma amene anandipweteka kwambiri anali apongozi anga. Zonsezi zinkanenedwa pavaranda pawo, iwo ali phee. Ngakhale nkhuku sanaitume.

Kutatsala sabata imodzi kuti akumane, Lamulungu ndinapeza kapa yachikasu pamkeka. Ndinakhala pansi. Ndinawerenga bwinobwino mpaka pa nyimbo yachinayi ija. Chingerezi ndinachinena monga mwa masiku onse, koma pomasulira satana anandikhala pa lilime.

"Mayi uyu," ndinatero, "anakhala pabanja zaka zinayi osabereka. Azakhali a mwamuna wake ankamutcha nkhuku yosaikira. Mwamuna wake, motorista, anangoti zii ngati wameza fupa. Ndipo mkulu wa pakhomopo, amene mayiyu ankamuphikira ndi kumuchapira, ankangomvera nyimbo ngati alibe makutu. N'chifukwa chake mawu ake anasasa, ndi kulira."

Nditangotseka pakamwa ndinazizidwa thupi lonse, pa Tete pomwe pano. Mkamwini kapena mpongozi wotukwana apongozi ake, ngakhale mozungulira, mlandu wake sufuna mboni. Ndinali nditawapatsa azakhali mpeni ndi manja anga.

Kenako kuseri kwa khoma ndinamva: "Iwe makina, kapa iyi ndaisunga zaka zambiri. Sindinkadziwa kuti imaphuka mawu atsopano ngati mbatata." Disku sanaiike. Anatseka jira-disku, nanyamula kulowa nayo m'nyumba.

Sabata imeneyo nkhuku sinatumidwe kanthu. Mchere unatha, sopo anatha, iwo duu. Ndinkawaona patali ali pansi pa mtengo wa masau, magalasi pamphuno, akulemba ndi pensulo m'kope lakale n'kumafufuta ndi chala chonyowetsa malovu. Ndinati basi, ndiyo kalata ya kwa ankhoswe imeneyo. Ndinachapa zovala zanga zonse n'kuzipinda m'thumba, kuti pondithamangitsa ndisachoke ndi litsiro.

Tsiku lija litafika, azakhali anabwera ndi akuluakulu ena awiri a pabanja. Anakhala pavaranda, mwamuna wanga pakatundu wa njerwa chapatali, ine pamkeka wanga kuseri kwa ngodya. Azakhali anayankhula mpaka mkamwa kuuma: dzina la banja likufa, mwana wa mchimwene wawo akukalamba wopanda womutuma madzi, mtsikana wina wa makhalidwe alipo. Atatha, onse anadikira mwini khomo.

Ndinamva bokosi lamatabwa likukokedwa. "Pakhomo pano Lamulungu sitiyamba kanthu tisanawerenge kapa," anatero apongozi anga.

"Achimwene, nyimbo pa nkhani ngati iyi?" anatero azakhali.

"Achemwali, pakhomo ndi panga. Iwe makina, awuze amayi awerenge. Chingerezi asiye, awerenge za m'katimo."

Dzanja lawo linatulukira pangodya n'kuika kapa yachikasu pamkeka. M'kati, pambali pa disku, munali pepala la m'kope lija, lolembedwa ndi zilembo zikuluzikulu za kusukulu ya mishoni. Ndinati mumtima, mkuluyu ndi wankhanza ndithu, akufuna ndidziwerengere ndekha chigamulo changa. Chabwino, ndiwerenga, asaone misozi yanga. Ndinakweza mawu.

"Disku iyi inagulidwa ku Beira ndi munthu wotsuka mbale. Anaigula m'chaka chachisanu ndi chimodzi cha ukwati wake, m'nyumba mulibe mwana. Mlongo wake anabwera ndi dzina la mtsikana wina, nati mkazi wosabereka abwezedwe kwawo. Wotsuka mbaleyo anali wamantha. Anakhala chete miyezi itatu, mkazi wake akulira kukhitchini, iye akumvera nyimbo yachinayi ya mbali yachiwiri kuti asamve kulirako. Manyazi a miyezi itatuyo akadali nawo mpaka lero, ndipo posachedwapa wapezeka atayambiranso khalidwe lomwelo."

Ndinapitiriza kuwerenga.

"M'chaka chachisanu ndi chitatu kunabadwa mwana wamwamuna, ndiye motorista wakhala panjerwayo. Wotsuka mbale akanamvera mlongo wake, bwenzi lero palibe womufunira mkazi wina. Za kubereka, ku ospitale apite onse awiri, pakuti m'munda mukakanika sitiimba mlandu nthaka yokha, mbewu nayo timaiyang'ana. Abereke, asabereke, amene akuwerenga mawu awa sachoka pakhomo pano. Pakamwa pake m'potentha, koma sananame."

Panatsala mzere umodzi. Ndinauona ndi maso, koma mawu anakana kutuluka. Ine amene ndinkakangana ndi amayi a kumsika, ndinangoti kakasi.

"Iwe makina," anatero mkuluyo mofatsa, "kapa sitiisiyira panjira."

Ndinawerenga. "Si mlendo pakhomo pano. Ndi mwana wanga."

Chimwalirire bambo anga ku Ntcheu, panalibe mwamuna wamkulu amene ananditchulapo choncho. Ndinalira ngati pamaliro, mokuwa, mopanda ulemu, kapulana kukamwa. Azakhali anadzuka n'kuti, "Achimwene, mwandichititsa manyazi pamaso pa ana." Apongozi anga anayankha kuti manyaziwo agawana, theka ndi lawo. Kenako anaika singano pa nyimbo yachinayi, mayi wa mawu osasa uja n'kuyamba. Akuluakulu awiri aja anamvera mpaka inatha, chifukwa sakanachitira mwina.

Madzulo a tsikulo mwamuna wanga anandipeza ndikutsuka mbale. Anati, "Akazi anga, ndinalakwa. Za amayi anga sindinkazidziwa. Mawa tipite limodzi ku ospitale." Ndinamuuza kuti akaphunzire kuyankhula kwa nkhuku, popeza imaposa iye kulimba mtima. Koma tinapita. Zimene anatiuza adotolo ndi za ife awiri, ndipo sindinaziululepo ngakhale pokangana. Mwana sanabwere, mpaka lero. Tili limodzi, tsitsi layamba kuyera tonse. Azakhali anakhala chaka osaponda pakhomo, kenako tsiku lina anatulukira ndi mtolo wa kove ngati palibe chinachitika, ine n'kulandira.

Lamulungu lotsatira msonkhano uja ndinapeza kapa yofiira pamkeka. Ndisanayambe kuwerenga ndinati, "Iwe makina, uwauze bambo kuti mwana wawo wathokoza. Uwauzenso kuti mayi wa nyimbo yachinayi ankangosoka malaya m'fakitale, zinazo ndinawonjezera." Anaseka kuseri kwa khoma. "Uwauze amayi kuti ndikudziwa. Koma zowonjezerazo ndiye ndinazimva bwino."

Tinawerengerana choncho zaka zina zisanu ndi ziwiri, mpaka anamwalira. Sitinayang'anane m'maso ngakhale kamodzi, ndipo sindidandaula, chifukwa zonse zofunika tinauzana. Bokosi la madisku anasiya atanena kuti ndi langa. Jira-disku inafa kalekale, singano yake sipezekanso mumzinda muno. Ana a masiku ano amandiseka, amati nyimbo zonsezo zili m'foni. Ndimawauza kuti atembenuze foniyo tione ngati kuseri kwake kuli mawu.

Bokosilo likadali pafupi ndi mtsuko, madisku ali choimika. Ndimathokoza anthu osawadziwa aja, amene anakhala pansi kutsidya kwa nyanja n'kulemba timawu tating'onoting'ono kuseri kwa makapa, osadziwa kuti ku Canongola kuli anthu awiri osowa poyankhulirana. Pamaliro kapena paukwati, amayi achilendo akandifunsa kuti muli ndi ana angati, ndimayankha kuti ndilibe, osatsitsa maso. Koma wina atandifunsa kuti pakhomo pano ndinu yani, pepala lilipo m'kapa yachikasu, lolembedwa ndi pensulo.